Madzi Akana Kutsika

Lachiwiri m'mawa tinakumba maenje atatu
kuseri kwa khola la nkhosa, pomwe Dervla analoza
nati, khitchini idzakhala apa, zenera loyang'ana kuphiri.
Fosholo inalowa mwaulemu kutalika kwa chikhatho,
kenaka inakumana ndi mwini malo:
dongo lotuwa, lomata, lozizira ngati mphuno ya galu,
lomwe kuno ku Leitrim limadziwa mbumba yathu yonse
poti aliyense linamuvulapo jombo.

Malachy Rooney, injiniya, anabwera ndi ndowa, lula ndi wotchi.
Anathira madzi. Anabaya msomali m'mbali mwa dzenje.
Tinaima.
Madzi nawo anaima.
Ola linatha tikuyang'anizana ndi nkhope zathu m'menemo,
ine, mwana wanga, ndi kamtambo kamodzi kosowa chochita.
Iye analemba nambala m'kabuku kake
n'kuiphimba ndi chala, monga amachitira dokotala.

Anati, thanki ya zonyansa si matsenga, bambo Gilheany.
Zolemera zimakhala pansi, zamadzi zimatuluka m'mapaipi,
nthaka n'kuzimwa pang'onopang'ono, n'kuzisefa.
Yanuyi siimwa. Inakhuta kalekale.
Zimene mudzatsitse m'nyumba Lolemba
mudzakumana nazo pa kapinga Lachinayi,
zotsala zidzakapereka moni ku chitsime cha a McTernan.
Khonsolo siingasaine.

Ndinafuna kukangana naye, koma ndikanayambira pati?
Nyumba yanga yomwe ikanamuikira umboni.
Mng'alu wa pabalaza umayasama kukauma, mvula ikabwera n'kutseka,
khoma likupuma ngati chifuwa.
Chitseko cha kuchipinda chimafuna phewa kuyambira Novembala.
Chuku chimajambula mapu kuseri kwa kabati;
ndapenta kasanu, ndipo kasanu konse
mapuwo abwerera ndi dziko lina latsopano.

Za m'dimba musandifunse.
Karoti amatuluka wokhota ngati zala za nyamakazi.
Mitengo iwiri ya maapozi inafa choimirira,
masamba ofota ngati yaphedwa ndi ludzu
pomwe mizu inali itamira.
Mbatata ya kachewere yokha ndiyo ndinaphunzira kuinyengerera:
mizere italiitali, ngalande uku ndi uku,
manyowa, mchenga wa mawilibala osawerengeka,
ngati munthu wogoneka khanda pa tebulo nyumba itasefukira.

Dervla sanalire.
Anapinda pulani yake kanayi, naiika m'thumba la jekete,
nafunsa ngati ketulo ili pamoto.
Lachisanu anabwerera ku Sligo, ku chipinda chake cha lendi,
komwe munthu amangodina, madzi n'kupita,
ndipo palibe amafunsa kuti apita kuti.

Maenje awiri ndinakwirira. Lina ndinalisiya,
sindikudziwa chifukwa chake, mwina mkwiyo.
Pofika Epulo munali mbululu.
Msomali wa Malachy ukadali pomwepo, wachita dzimbiri,
ndipo madzi akadali pakhosi pake.

Mwezi watha anandiimbira foni.
Akuti kwina akuyesa misondodzi,
kuibzala yothinana m'chidzenje chachikulu choyala pulasitiki pansi
kuti imwe zimene nthaka yakana
n'kuzipumira kumwamba.
Sanalonjeze kanthu. Khonsolo ndi khonsolo, anatero,
ndipo pepala limayenda mochedwa kuposa madzi anu aja.

Komabe ndadula timitengo mazana awiri kumtsinje,
ndikutizika kamodzikamodzi m'matope, mvula ili pamsana.
Jombo yakumanzere yanditsalira m'mbuyo kawiri,
ndayenda ndi sokosi, ndikutukwana, nkhosa zikundionerera.
Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikukumba ngalande,
kupempha nthaka iyi kuti ikhale nthaka ina.
Lero ndangoibweretsera alendo aludzu.

Dervla sindinamuuze.
Ndikudikira masamba.