Chala cha Velenasi

Tinafika Lolemba pa galimoto ya kampani,
anthu asanu, makina awiri.
Pangano lathu ndi boma: miyezi isanu ndi umodzi,
mafayilo zikwi makumi anayi.
Ine yanga ndi kuchotsa mapini.

Chipinda cha kaundula chili kuseri, kosafika dzuwa.
Mumanunkha fumbi ndi mkodzo wa makoswe,
ndipo chiswe chinadya kale zaka zitatu zathunthu
pa shelefu yapansi.
A Shawa, amene asunga makiyi kuyambira ndisanabadwe,
anatipatsa mipando koma maso anatimana.
"Fayilo ili ndi mwini wake, mwanawe.
Usaigwire ngati repu wa pa Kapata."

Ndichotsa pini, ndiwongola ngodya yopindika,
Limbikani agoneka tsamba pagalasi,
kuwala kudutsa, basi, lalowa mu kompyuta.
Amatilipira powerenga masamba.
Magetsi akathima nafenso tathima,
tikhala pakhonde kuyang'ana phiri la Kanjala
ndi anyamata a njinga akupalasa makasitomala onenepa.

Lachinayi, bokosi la nambala 212.
Velenasi Miti, wa ku Vubwi.
Amuna awo anali mlonda pa sukulu,
anamwalira, penshoni sinatuluke.
Makalata asanu ndi awiri, manja osiyanasiyana:
mphunzitsi, katekisiti, mwina mwana wa sitandade faifi,
koma pansi pa onse chala n'chimodzi,
inki yofiirira,
mizere yake ngati mizere ya mtedza m'mbali mwa phiri.
Pa kalata yomaliza chalacho chinaterereka pang'ono.
Pamwamba wina analemba ndi pensulo:
abwerenso mwezi wamawa.

Ndinawaonetsa a Shawa.
Anavula magalasi, napukuta, napukutanso.
"Ankabwera pa lole ya thonje.
Ankakhala pa benchi ilo, nsapato zili m'manja.
Pensuloyo ndi yanga."
Kenaka anapita kukawiritsa tiyi
ngakhale kuti magetsi kunalibe.

Bwana wathu amaimba foni kuchokera ku Lusaka:
tsopano tsamba lililonse lizipezeka m'kuphethira kwa diso,
mawu oti fayilo yasowa atha ntchito.
Sakunama ayi. Ndinayesa ndekha madzulo,
ndinalemba Miti, ndinadina,
chala chinatulukira pagalasi
chachikulu kuposa nkhope yanga,
mwamsangamsanga,
chitachedwa zaka khumi ndi zinayi.

Pangano litha mvula isanagwe.
Mapepala apita ku nyumba yosungira katundu,
ife tipita ku Petauke, kuli mabokosi ena,
a Shawa sindidziwa.
Makiyi awo atsekula chipinda chopanda kanthu.

Mapini ndikuwasunga m'botolo la mafuta odzola,
adzimbiri, opindika, afika kale pakhosi.
Dzulo posayina pepala la malipiro
chala changa chachikulu chinasiya dzimbiri pambali pa dzina,
ndipo Limbikani anati pukuta, lida.
Sindinapukute.