Mafupa a Nalimata

Ku Matapi magetsi anazima Lachitatu,
osati kuzima kwa onse kumene tinazolowera,
koma kwa mdadada umodzi wokha.
Anaitana ine, mwini pulayala ndi tepi wakuda.
Ndinakwera masitepe onunkha palafini,
n'kukanula bokosi la mafyuzi ndi mpeni
poti loko wake dzimbiri linadya kalekale.

Wolakwa ndinamupeza m'katimo:
nalimata, atagona chopingasa pa mawaya awiri.
Nyerere zinali zitayendetsa kale mwambo wa maliro.
Zinasiya zoyera zokhazokha.

Mai Gwatidzo anati taya kutali, mwina n'zotumidwa.
Ine ndinamutola ndi nsonga ya mpeni
n'kumugoneka m'bokosi la machesi.
Machesi amene ndinakhuthula ankalemera kuposa iye.

Madzulo ku Rugare, sitima ya malasha itadutsa,
mwana wanga Nyarai anatulutsa galasi lokulitsa zinthu.
Amaphunzira za zamoyo ku Mount Pleasant.
Chichewa chake chimatsimphina, chimatsamira Chishona,
koma mafupa amawadziwa ngati anansi.

Chigaza chopyapyala ngati khungu la adyo.
Mabowo a maso aakulu, osayenera kamutu kotere,
ndipo m'bowo lililonse kamkombero ka timafupa
kamene kankagwira diso losaphethira lija.
Mano ndinawerenga mpaka makumi awiri n'kusokonezeka,
ang'onoang'ono ngati a sowo yodulira chitsulo.
Nthiti ngati tingusi ta kopa
timene ndimasenda tsiku ndi tsiku.
Zala zisanu, chachinayi chotalika kuposa zinzake.
Ndinafunafuna chimene ankamatira kudenga chadodolido.
Palibe. Chinapita ndi khungu.
Fupa silimata.

Buluzi wamizere uja wa pakhoma la njanji, anatero Nyarai,
ali ndi timafupa m'mamba mwenimwenimo,
amaothera dzuwa atavala chishango.
Uyu ayi. Uyu ankayenda usiku wopanda chovala.

Kenako mchira.
Tinatsata mfundo ndi nsonga ya singano:
imodzi, ziwiri, mpaka zisanu ndi ziwiri,
basi.

Onani baba, anatero, fupa ili lathera pakati.
Mafupa a mchira amabadwa ndi mng'alu,
khomo lothawira lokonzedweratu.
Mphaka akagwira, mwiniwake amathyola yekha pomwepo.
Mchira umatsala ukuvina m'fumbi
iye atalowa kale m'mphako.
Umaphukanso wina, inde,
koma m'kati mwake mulibe mfundo,
muli kapaipi kofewa kosakhwima n'kukhala fupa.
Nyerere zinatafuna.

Ndinakhala chete.

Bambo anga a Sandikonda anatsika sitima kuno
ndi bulangete limodzi, kuchokera ku Bawi.
Anasiya munda, mkazi woyamba, njinga ya ngongole.
Makalata ankabwera, ankavina pa tebulo lomweli
zaka zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi,
kenako anaima.
Zimene zinaphuka pachilondapo ndife.
Timagwedezeka bwinobwino, timalipira lendi,
timaimba nyimbo za kwathu pa maliro.
Koma wina akafunsa kuti agogo a bambo ako anali ndani,
singano imatsata, imatsata,
n'kugwera pofewa.
Ku Bawi sindinapondeko.
Sindidziwa ngati amene anatsala anavina nthawi yaitali bwanji.

Pafupi ndi babu panatulukira wina wamoyo,
akuwendera gulugufe wa usiku.
Ndinamuyang'ana kumchira.
Pakatikati mtundu unasintha pang'ono,
ngati khoma lopakidwa penti ya chitini china.
Gulugufe anamugwira ndithu.

Nyarai anatseka bokosi la machesi,
natenga cholembera, naima.
Baba, muswe pa Chichewa timati chiyani?

Mchira, ndinatero.

Anabwereza kawiri, pang'onopang'ono,
lilime likupunthwa pa chilembo choyamba,
nalemba pambali pa bokosilo, pamene timakhwetchera moto.