Vavu

Chiperoni cha Lachitatu chinalowa m'chikwama changa,
tebulo lija anatikopetsa a Namathanga n'kusungunuka:
saini, kosaini, tanjenti,
zonse thope limodzi la buluu.
Mayeso ndi mawa.

Ndiye ndili pano pa Chitakale,
pansi pa lata lodontha la malume Witinesi,
pomwe njinga za kabaza zimagona chagada
kudikira dzanja lawo lakuda ndi girizi.
Ndabwereka imodzi. Mwini wake wapita kukamwa tiyi.

A Namathanga anati: usaloweze, ungoyang'ana.
Kuchoka pa habu kufika pa limu, kutche wani.
Kupita chakumbali, ndiye kosaini.
Kukwera kapena kutsika, ndiye saini.
Zinazo ndi phokoso.

Ndaika vavu kudzanja lamanja, moyang'ana ku Muloza.
Ziro digiri.
Yatambasuka sipoko yathunthu: kosaini, wani.
Sinakwere ngakhale kachikhadabo: saini, ziro.

Ndikankha tayala mobwerera, motsutsana ndi wotchi.
Tcheni chikuti tchetchetche.
Vavu yaima pamwamba penipeni, 90,
yaloza kuphiri komwe lero sikukuoneka.
Saini watenga zonse, wani.
Kosaini wangoti manja lende.

Tanjenti bwanji?
Wani kugawa ndi ziro.
Foni ya malume yosweka galasi ija
yakana, yatukwana m'Chingerezi.

Malume akupaka guluu pachubu, osadzutsa mutu:
"Chinanazi chimodzi, ugawire anthu amene sanabwere.
Aliyense adya chachikulu bwanji?"
Ndati sindikudziwa.
"Si iwe wekha. Palibe akudziwa."
Ndalemba pachikatoni ndi khala:
palibe yankho.
Koyamba m'moyo wanga kulemba mawu amenewa
ndili ndi chikhulupiriro choti andichonga.

Kankhanso. 180.
Vavu yafulatira, yaloza ku Luchenza,
mtunda womwe uja koma chakumbuyo.
Kosaini, mainasi wani.
"Ngongole," akutero malume,
"ngati ya mwini njingayi, kuyambira nthawi ya mango."
Saini wagonanso pa ziro,
tanjenti naye ziro, pakuti wogawa zopanda kanthu
sasowa tulo.

270, vavu yaweramira pansi,
payenera kukhala matope njinga ikamayenda bwino,
koma pano yazondoka, ndiye yaloza chitsulo chake chomwe.
Saini, mainasi wani. Kosaini, ziro.
Chinanazi chija chabweranso,
tsopano cha ngongole,
ndipo anthu aja sanabwerebe.

Thirakita ya ku esiteti yadutsa ndi masamba a tiyi,
fungo laliwisi latsala m'mbuyo mwake.
Mayi ali komweko, dengu kumsana,
zala zawo zikuthyola fizi yanga yachiwiri.

Kotala lomaliza ndikankha pang'onopang'ono.
Ndikudziwa chimene chikundidikira.
360: vavu yabwerera kudzanja lamanja.
Kosaini wani, saini ziro, tanjenti ziro,
ndendende poyambira paja.
Fomu folo yomweyo. Desiki lomwelo la pawindo.
Anzanga a chaka chatha akandiona ndi yunifolomu
amayamba kukamba za mvula.

Ndangoti duu, dzanja pa tayala.

Mwini njinga wabwera akupukuta pakamwa.
Malume aitembenuza, matayala pansi,
achita kadontho ka girizi pa vavu,
ajambula mzere m'matope ndi sipanala,
n'kuikankha mpaka vavu yazungulira kamodzi.
Ajambulanso mzere wina.
Pakati pa mizere iwiriyo
munthu atha kugona, miyendo atatambasula.

Sananene kanthu.
Akangana ndi wakabaza za ngongole ija,
mawu akwera, atsika, aseka.

Ine ndang'amba chikatoni changa, ndachipinda kanayi,
ndachibisa mkati mwa juzi.
Khala landidetsa chala mpaka m'chikhadabo,
ndipo mvula yayambiranso
pomwe ndimati ndinyamuke.