Musafufute

Ndimalowa eni ake atapita,
hafu sikisi, basi itanditula pa Leith Walk,
mvula ya ku Edinburgh ikundilasa cham'mbali
ngati ndili nayo ngongole.
Kiyi, magolovesi, chidebe, chokolopera.
Pansanjika yachitatu pali bungwe lothandiza kwathu.

Pakhoma anapachika mayi wosenza ndowa,
kumwetulira kwake kotambalala kuposa chitseko.
Dzina sanalembepo.
Koma chipsera cha pachigongono ndikuchidziwa:
ndi Edilesi wa kwa Kayoyo,
amene tinkalimbirana naye masamu mu sitandade seveni
ndipo ankandisiya kutali.
Lachisanu lililonse ndimamupukuta fumbi m'maso.

Lero pabolodi loyera asiyapo mizere ndi mivi yobiriwira,
pamwamba alemba kuti musafufute.
Chingerezi ndimachimva,
ngakhale amandiyankhula pang'onopang'ono ngati wodwala.
Akuti amayi atenge nawo mbali, theka ndi theka.
Akuti mijigo makumi anayi pofika chaka chamawa.

Ndaima. Chokolopera chikudontha.

Theka ndi theka tinaliona kale ife.
Galimoto yoyera itafika
anatiwerenga mitu m'kalasi ya ana aang'ono:
komiti ya anthu khumi, asanu akazi, asanu amuna.
Amuna aja anapita kuboma sabata ziwiri
kukaphunzira kumasula mjigo,
anabwerako ndi sipanala, njinga, alawansi
ndi zipewa zolembedwa dzina la bungwe.
Akazife tinalandira tsache
ndi nyimbo yolonjera alendo.
Ine ndinali msungichuma wa bokosi
limene kiyi wake ankagona m'thumba mwa tcheyamani.

Mjigo unafa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.
Amakaniko athu, atatu ali kufodya ku Kasungu,
wina ku Joni, winayo atapinyolitsa sipanala.
Edilesi, amene ankaudziwa mjigowo ndi khutu lokha,
amene anachenjeza kuti labala wapansi watha,
tamverani mmene ukuliriramo,
anayambanso kudzuka folo koloko kupita kudambo,
mwana kumsana, wina m'mimba.
Mu lipoti analemba kuti anthu akumudzi sasamala zinthu.

Patebulo pali makapu asanu ndi atatu,
nyenyeswa za mabisiketi,
ndi pepala la msonkhano wa Lachinayi.
Mutu wake: mawu a amayi akumudzi.
Oyankhula: Alistair, Graham,
Dokotala Chimphepo wochokera ku Lilongwe.
Wolemba zokambirana: Morag.
Morag ndimamudziwa,
ndiye amatsalira kutsuka makapu ndisanafike
ngakhale pachitseko chake analemba kuti wachiwiri kwa mkulu.
Kani tsache lija linawoloka nyanja kalekale
ine ndisanakwere ndege.

Cholembera chili apo, achisiya chosatseka.
Kalata yanga ya ntchito imati ndisakhudze mapepala.
Za bolodi sinanenepo kanthu.

Pansi pa muvi womaliza,
ndi dzanja lonunkha jiki, ndalemba:
Sipanala mupatse Edilesi.
Njinganso. Ndi kiyi wa bokosi.
Msonkhano musauike nthawi imene iye ali pamzere wa madzi.
Mumufunse dzina lake,
mumufunsenso mtengo wa chithunzichi.

Ndalemba m'Chichewa.
Ndalama ya womasulira ilipo,
ndinaiona mu bajeti imene anataya m'bini dzulo,
mzere wachisanu kuchokera pansi.

Mwina mawa wina afufuta ndi mkono wa juzi
akuyankhula pafoni.
Mwina Morag ajambula.
Sindinabwere kudzalosera.

Ndakolopa madontho anga,
ndamanga matumba a zinyalala,
ndazimitsa magetsi chipinda ndi chipinda.
Mumdima Edilesi akumwetulirabe,
chaka chachisanu ndi chinayi tsopano
ndowa ija osatula.

Basi ya naini koloko yandisiya.
Ndiima pano, ndidikire ina.