Mtengo wa Denga

Mayi Nasuluma, a malo ogona alendo ku Chankhanga,
anandiitana Lachiwiri m'mawa.
Ati denga lawo likuthawitsa anthu:
ndere, fumbi la chilimwe chonse, zitosi za nkhunda,
masamba a mango owolera m'ngalande.
Tinanenerera mpaka tiyi anazizira m'kapu,
tinamangana pa zikwi mazana atatu.

Koma ine sindikweranso.
Chiuno changa chinatsala ku Chinkhoma,
pa shedi ya fodya,
tsiku lomwe lata lodyeka linandilavulira pansi.
Masiku ano ndimakwera ndi bolopeni,
makwerero anga ndi mizere ya m'kope.

Usiku uno kope lili pa bondo.
Malata makumi asanu ndi anayi.
Sopo wa ufa. Maburashi a waya atatu.
Madiramu a madzi, ndi ngolo yowatuta.
Makwerero ndibwereka kwa Chipwaila,
ndipo Chipwaila sapereka ulere
ngakhale moto woyatsira ndudu.
Petulo wa pampu. Mayunitsi a foni. Zanga.
Pansi penipeni, pomwe pepala lapindika,
ndalemba kuti: Yotamu ndi mnzake.
Kutsogolo kwake kulibe nambala.

Ndikamulipira pa tsiku,
masiku atatu adzabala sabata.
Ndikamulipira pa lata, adzathamanga,
ndere zidzatsala m'makwinya,
ndipo foni yomwe idzalire ndi yanga, osati yake.
Mgwazo ndiye bwino. Koma mgwazo wa zingati?

Ndikudziwa mtengo wa sopo ku msika.
Sindikudziwa mtengo wa phazi
loponda lata la Okutobala masana,
pomwe chimanga chingakazingike chokha.
Mantha aja ogwira m'mawondo
ukafika m'mphepete, thovu lili pansi pa chidendene,
amagulitsidwa pa kilo kapena pa mita?

Bwana wanga wakale, Kamtedza,
masamu otere sankamuvuta.
Nditagwa anabwera ku chipatala ndi nthochi zinayi,
nandipatsa malipiro atadula theka la tsiku,
poti ntchito sindinamalize.
Ndinamutukwana zaka zisanu.
Lero ndapeza chala changa
chikuyenda m'kope ngati chake.

Ndalemba zikwi makumi asanu ndi limodzi. Ndafufuta.
Makumi asanu ndi atatu. Ndayang'ana fizi ya Esinati,
lendi, ngongole ya pampu ku banki m'khonde.
Ndafufutanso. Pepala labooka.

Kwacha, Yotamu wafika pa njinga yopanda mabuleki,
waima ndi phazi, fumbi kobo!
Ndamuuza nambala yanga. Sanayankhe.
Wayang'ana phiri la Kasungu
ngati kumeneko ndiye kuli ofesi yake,
kenako wafunsa funso
lomwe ine sindinayerekeze kufunsa Kamtedza:
Nanga mayiwo akupatsani zingati?

Bodza linali litavala kale nsapato.
Mazana awiri basi, mphwanga, zinthu zavuta.
Ndinalimeza, linandikanda pakhosi.
Ndatembenuza kope, ndamupatsa.

Wawerenga ndi chala, pang'onopang'ono,
milomo ikugwedera ngati ali m'kalasi.
Ati maburashi awiri akwana.
Ati ngolo isiyeni, madzi tituta tokha pa mjigo,
ya ngoloyo muike kwa ife.
Pa mzere wa zanga chala chaima kanthawi,
chadutsa osanena kanthu.

Wafika pansi, wabwereranso pamwamba,
watembenuza tsamba kuona ngati kuseri kuli zina.
Abwana, chingwe simunalembe.

Chingwe.
Ine, wotsimphina, woyenda ngati ndikupepesa nthaka,
ndinakumbukira mayunitsi.

Ndatenga bolopeni. Yakana kulemba.
Ndaipukusa m'manja, ndaiuzira mpweya,
ndaikanda pa chikuto mpaka inki yabwera.
Chingwe, mamita makumi atatu.
Yotamu akudikira, wagwira chishalo cha njinga,
kuti aone mzere womwe ndichotsepo ndalamayo.