Masitepe a ku Valparaíso

Chaka chimene padoko anandiuza kuti ndikapume kaye,
kupuma kopanda tsiku lobwerera,
ndi chaka chomwecho Nélida anayamba kutha ngati kandulo.
Za zimenezo sindinena zambiri.
Aliyense pa phiri lino amadziwa kulira kwa sitima
ikamanyamuka dzina lako palibe pa ndandanda.

Ine ndikufuna ndinene za buledi.

Kukamacha ndimatsika masitepe zana limodzi ndi makumi anayi,
ndinawawerenga mu Juni, tulo titandithawa,
kupita kwa Eleuterio, amene satchula za ngongole Lachisanu lisanafike.
Amandikulungira mabanzi awiri m'pepala,
otentha moti ndimawabisa m'jekete, pachifuwa penipeni,
ndipo pokwera, mphepo ikamaluma makutu,
pamakhala malo amodzi m'thupi langa
pamene chisanu chimagogoda n'kubwerera.

Pa sitepe ya makumi asanu pamagona galu wopanda mwini,
khutu limodzi lopindika ngati ngodya ya kalata.
Sadzuka ayi.
Amangomenya mchira pansi kawiri, phaa, phaa,
ngati kalaliki wodinda chidindo: wafika, ulipo.
Masiku ena ndi iye yekha amene amandilemba pa ndandanda.

Lachiwiri Nélida akachokera kuchipatala
chilichonse chimamveka chitsulo m'kamwa mwake,
kupatula ndimu.
Tili ndi kamtengo m'chitini cha penti,
tinakadzala Renato atapita kumigodi ya kumpoto.
Zaka zisanu ndi chimodzi masamba okhaokha,
ndiye chaka chino, chaka chokhota chino, mandimu atatu!
Nélida anaseka mpaka kutsokomola:
"Mtengo wopanda ulemu iwe,
sunamve kuti m'nyumba muno muli matenda?"
Loyambalo tinalicheka tizidutswa khumi ndi tiwiri,
kamodzi pa kapu ya tiyi.
Linatiperekeza pafupifupi masabata awiri.

Tsitsi lake litathothoka anandipatsa mpango kuti ndimumange.
Manja angawa amadziwa mfundo zogwira sitima yathunthu,
koma apa ankanjenjemera ngati a mwana wa sukulu.
Pano ndazolowera. Ndimasiya kansonga kakulendewera kumanzere.
Amati kamamuchititsa kuoneka ngati wakuba wa panyanja.

Usiku ndimathira madzi otentha m'botolo
n'kulikulunga m'malaya anga akale a kuntchito,
aja onyezimira kuti oyendetsa makina akuone.
Agwira ntchito yabwino kumapazi kwake
kuposa imene anagwira pamsana panga.
Kuseri kwa khoma la malata wailesi ya mayi Brígida
imatipatsa mpira waulere,
ndipo timadziwa kuti chalowa chigoli
tikamva mphika wagwa.

Musandimve molakwa.
Kalata ya ku banki idakali pansi pa chitini cha shuga.
Pali mausiku amene ndimatsegula mpopi kubafa
kuti madzi alire mokweza kuposa ine.
Banzi silichiza munthu. Mchira wa galu sulipira lendi.
Koma wogwa m'madzi sayeza kukula kwa thabwa,
amangoligwira.

Dzulo, Seputembala atalowa, ana aulutsa makaiti padenga lililonse,
ofiira, achikasu, ena ong'ambika kale,
Nélida anati, "Nsapato zanga zili kuti?"
Tinatsika pang'onopang'ono, iye kutsogolo, ine ngati mthunzi,
kupuma pa sitepe ya khumi,
kupumanso pa ya makumi atatu,
mpaka pa ya makumi asanu.
"Ndiye bwana wako uja ameneyu?"
Galu anatsegula diso limodzi, namuyang'ana nthawi yaitali,
kenako mchira: phaa, phaa.
Ndinkati watha.
Phaa.

Pobwerera tinatenga ola lathunthu.
Buledi anafika kunyumba atazizira.
Tinadya choncho, ndi ndimu lachiwiri.