Dzenje la pachigawo chachinayi

Tinakapeza m'kabati ya amayi ku Sendai,
kuseri kwa mabulangete a m'nyengo yozizira,
kamakina kotuwa kaja,
katachita chikasu ngati dzino losuta fodya,
zingwe zake zitapotana ngati zinayambana.
Kunja chipale chofewa chinkagwa mwakachetechete.
Ndinauzira kakaseti, fuu, fuu,
monga tinkachitira kale,
ngakhale ankatiuza kuti sizithandiza kanthu.
Kachitatu wailesi yakanema inayaka.

Chiharu, mwana wanga wa zaka khumi ndi ziwiri,
anaseka mpaka kugwira nthiti.
"Bambo, umenewu ndi mtengo kapena ndi tsache?
Nanga munthuyu pakamwa alibe?"
Alibedi.
Ndi timadontho chabe, kamnyamata konyamula nyali,
timiyendo tiwiri tosinthana, basi.
Mitambo itatu yomweyomweyo imangobwerera,
nyimbo ikulira ngati udzudzu wotsekeredwa m'chitini.
Izi zakalamba, sindikana.

Koma taonani kudumphako.
Ukalikhudza batani, kamangojowa pang'ono.
Ukalikanikiza, kamauluka,
kulendewera m'malere ngati kakuganiza kaye,
n'kutera, phazi limodzi likutsetsereka.
Amene anapanga zimenezi, kaya anali ndani,
anachezera usiku wambiri chifukwa cha phazi limenelo.
Zaka makumi atatu ndi zisanu zalilambalala.

Ndinampatsa Chiharu.
Anagwera m'dzenje loyamba. Anagweranso.
"Posungira pomwe ndafika pali pati?"
Palibe, mwanawe.
Miyoyo ndi itatu, ikatha ubwerere poyambira.
Palibe wokulozera njira,
palibe wokugulitsa mapiko,
palibe wokuombera m'manja usanachite kanthu.
Anang'ung'udza, kenako anavundikira foni yake pamphasa,
chinthu chomwe sachita ngakhale pa chakudya.

Chigawo chachinayi n'chachinyengo, ndinene poyera.
Nsanja yoyenda imachoka usanaione,
mleme umatulukira komwe diso silifika.
Limenelo si luso ayi,
ndi ukathyali wa ofuna kuti gemu yaifupi ioneke yaitali.
Ndinkatukwana pamenepo ndili mwana.
Ndatukwananso lero, mwana akumva.

Pamenepo m'pomwe mkulu wanga Mitsuru
ankanditsomphola mabatani m'manja.
"Bweretsa kuno."
Ankawoloka osaphethira,
n'kundibwezera tili tsidya,
kubwerera ku buku lake ngati palibe chachitika.
Mitsuru tinamuika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.
Mabatani ake achiwiri ali pano,
pomwe pankakhala chala chake chachikulu
panaperepeseka, pali see.

Ndinayesa ndekha.
Mutu unaiwala kalekale, koma zala zinayamba kuwerenga:
dikira, dikira, mleme udutse,
tsopano!
Ndinagwa.
Zala zimakumbukadi,
zimakumbuka ndi kagwedwe komwe.

"Bweretsani kuno," anatero Chiharu osandiyang'ana.
Anakhala tsonga, lilime lili panja pang'ono,
phewa likupendekera komwe kamnyamata kakudumphira
ngati thupi lingakankhe timadontho.
Tinayambira poyambira kanayi.
Mumsewu munadutsa galimoto yokokolola chipale,
zenera linada osationa.
Sanasekenso tsache lija,
ankalitchula kuti mtengo wachitatu,
"pamtengo wachitatu mundiuze, bambo."

Kachisanu anatera.
Phazi linatsetsereka mpaka m'mphepete,
linaima.
Nyali sinazime.

Tsidya lija sindinaliponde popanda Mitsuru.
Kulibe zodabwitsa:
khoma la njerwa, makwerero, mitambo itatu ija.
Ndinayang'ana nthawi yaitali.
Chiharu anandigunda ndi chigongono,
n'kunditula mabatani ali ofunda.

Amayi anaitana kukhitchini kuti mpunga ukuzizira.
"Tikubwera!" tinayankha tonse awiri,
bodza lomwe lija la kale,
ndipo palibe anadzuka.